Liwiro linamutchukitsa, kunyanyala kunamupatsa ntchito

Kavidiyo kake n'kakafupi, sikangakuthereni bundle. Lembani dzina loti Kendall Coyne Schofield pa YouTube, mukapeza msanga. Pa 25 Januwale 2019 ku San Jose, m'dziko la America, ligi yaikulu ya amuna ya hockey ya pa ayezi, NHL, inali ndi mpikisano wake wa chaka ndi chaka wofuna kupeza wosewera waliwiro kuposa onse. Nathan MacKinnon, mmodzi mwa akatswiri amene ankayembekezeka kupikisana, anali atavulala, ndiye malo ake anapatsidwa kwa mzimayi wa zaka 26, wamfupi, masentimita 157 okha. Kanali koyamba kuti munthu wamkazi apikisane nawo pa mwambo umenewu. Anazungulira bwalo lonse m'masekondi 14.346. Pa anthu 8 anakhala pa nambala 7, anaposa Clayton Keller, ndipo wopambana, Connor McDavid, anangomusiya ndi nthawi yosakwana sekondi imodzi. Anthu m'bwalomo anachita kuimirira.

Dziko linaomba m'manja, ndipo patangopita masiku ochepa kanema wa NBC anamuitana kukathirira ndemanga pa masewero a amuna. Koma tiyeni tione m'thumba. McDavid, chifukwa cha masekondi ake 13 aja, analandira $25,000. Kendall, pa sizoni yonse imeneyo ndi timu yake ya Minnesota Whitecaps, imene inatenga chikho cha ligi ya amayi mu Malichi chaka chomwecho, analandira $7,000. Wosewera wa NHL wolandira zochepetsetsa, amene mwina ankangotenthetsa benchi, malipiro ake anali $650,000 pachaka. Apatu n'kuti Kendall ali kale ndi mendulo ya golide ya Olympics m'nyumba.

Kwa amene masewerawa ndi achilendo, ndipo tilipo ambiri poti ayezi timamudziwira mufiriji ndi mu cooler box ya ogulitsa ma freezes, ndi msuweni wa hockey ya pa udzu ija. Kusiyana kwake n'koti bwalo ndi madzi oundana, otalika mamita 61, ozunguliridwa ndi mpanda wa matabwa ndi galasi. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, amatereereka atagwira ndodo, akulimbirana kachimbale kolimba ka labala kotchedwa puck. Timu iliyonse imalowetsa anthu 6 kuphatikiza goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi lotopetsa moti wosewera satha mphindi imodzi kapena ziwiri asanapumire mnzake. Ndi masewera odulanso: nsapato, ndodo, chipewa, zodzitetezera thupi lonse, ngakhale ayezi weniweniyo amachita kulipira pa ola.

Ine ndikuti kavidiyo kaja tisakakweze kwambiri. Pa ulendo wonse wa mzimayi ameneyu, tsiku limene anathamanga linamupatsa dzina basi. Zinthu zinasintha pa masiku amene iye ndi anzake anakhala pansi n'kunena kuti sitisewera. Anachita zimenezi kawiri, mu 2017 ndi mu 2019, ndipo ulendo wachiwiriwo unatenga zaka zinayi. Kutchuka ndi kulembedwa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ife okonda masewera timakonda kuziphatikiza.

Anabadwa pa 25 Meyi 1992, n'kukulira ku Palos Heights, kunja kwa mzinda wa Chicago. Makolo atayamba kumutengera ku ayezi ali kamwana, anamuveka nsapato zovinira, zija amaveka ana aakazi. Iye anakana, ankafuna zangati za mchimwene wake zosewerera hockey. Anakula akusewera ndi anyamata. Ali mwana wa kupulayimale anapita kumaphunziro a hockey amene ankachititsa Cammi Granato, kaputeni wa timu ya America imene inatenga golide ku Nagano mu 1998, chaka choyamba hockey ya amayi kuseweredwa ku Olympics. Kumeneko anaiona mendulo ija ndi maso ake. Taonani bwino pamenepa: chimene mwana wamkazi akanatha kulota nthawi imeneyo chinali mendulo. Za malipiro akanalota bwanji, ligi yolipira amayi kunalibe.

Anapita ku Northeastern University ku Boston, komwe anaphunzira za communication, kosi yomwe enafe tinavutika nayo, ndipo mu 2016 anapatsidwa mphoto ya Patty Kazmaier, ya wosewera wamkazi woposa onse m'mayunivesite a ku America. Ali pasukulu pomwepo anakasewera Olympics ya 2014 ku Sochi, komwe America inkatsogola 2-0 kutatsala mphindi zosakwana zinayi, Canada n'kubweza zonse ziwiri n'kupambana 3-2, Marie-Philip Poulin atagoletsa chofananitsa ndi chopambanira. Koma chopweteka kuposa Sochi chinali kutsogolo. Ku America mtsikana wa hockey amakhala ngati mfumukazi akadali kuyunivesite: bwalo lilipo, madokotala alipo, makochi, zipangizo zaulere. Tsiku lolandira digiri linali tsiku lomwe zonsezi zinkathera. Mnyamata waluso akamaliza ankapita kukasaina kontrakiti. Mtsikana, ngakhale akhale katswiri wa dziko lonse, ankayamba kusaka ntchito ya masana kuti azipeza mpata wosewera usiku.

Ngakhale timu ya dziko sinali pothawira. Bungwe loyendetsa masewerawa, USA Hockey, linkapatsa amayiwa $1,000 pamwezi kwa miyezi 6 yokha yokonzekera Olympics. Ndiye kuti $6,000 pa zaka zinayi. Zaka zitatu ndi theka zotsalazo ankadalira kangachepe kochokera ku komiti ya Olympics, koma bungwe linkayembekezerabe kuti thupi likhale lolimba ndipo akaitanidwa afike. Bungwe lomwelo linkaononga pafupifupi $3.5 miliyoni pachaka pa pulogalamu yosula anyamata achisodzera, atsikana analibe yofanana nayo. Panalinso chipongwe chooneka chaching'ono koma chobaya: pa jezi ya Olympics ya 2014 analembapo zaka zimene America inatengapo golide, 1960 ndi 1980, zonse za amuna. Ya amayi ya 1998 ija anaisiya.

Atakambirana kwa nthawi yoposa chaka osamvana, pa 15 Malichi 2017 timu yonse, motsogozedwa ndi kaputeni Meghan Duggan, Kendall ali momwemo, inalengeza kuti sisewera mpikisano wa dziko lonse umene unkayamba pa 31 mwezi womwewo, pakhomo pawo pomwe, ku Plymouth m'chigawo cha Michigan. Iwowo ndi amene ankateteza chikho. Bungwe linachita zimene mabungwe ambiri amachita zikatere: linayamba kuimbira ena mafoni kuti lipange timu ina. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Linaimbira osewera a m'ligi, anakana. Linatsikira kumayunivesite, anakana. Linafika mpaka kwa atsikana a sekondale ndi amayi ongosewera pocheza akaweruka kuntchito, nawonso anakana, ambiri n'kulemba poyera pa Twitter kuti tafunsidwa ndipo takana. Sizinangochitika mwangozi ayi, osewera a timu ya dziko anali atagwira kale mafoni kuimbira anzawo m'dziko lonse kuwafotokozera chimene akumenyera.

Taganizirani inuyo. Muli ndi zaka 17 kapena 18, chibadwire mwakhala mukulota jezi ya dziko lanu, foni n'kulira kuti bwera udzaivale sabata yamawa, dziko lonse likuonera. Mukudziwa mumtima kuti pa luso lanu lokha mwayi umenewu mwina sudzabweranso. Munganene kuti ayi? Atsikana amenewo ananena. Mayina awo sanalembedwe pa chikho chilichonse, palibe anawapatsa mendulo, koma sitalaka ija inaima chifukwa cha iwo. Akatswiri 23 akanyanyala pamene ena 23 ali chire kudikira pakhomo, imeneyo si sitalaka, ndi kungodzichotsa ntchito.

Pa 28 Malichi, kutatsala masiku atatu, bungwe linasaina mgwirizano wa zaka zinayi. Malipoti anati wosewera azipeza pafupifupi $70,000 pachaka, mayendedwe ndi inshuwalansi zikhala ngati za amuna, ndipo woyembekezera azithandizidwa. Anafika ku Plymouth asanakonzekere mokwanira, n'kukagonjetsa Canada 3-2 mufainolo, Hilary Knight ndi amene anagoletsa m'nthawi yoonjezera. Chaka chotsatira ku PyeongChang anatenga golide wa Olympics pa mapenote, woyamba m'zaka 20.

Tiyerekeze ndi zimene zinachitika pafupi ndi kuno. Pa 2 Julayi 2023 Banyana Banyana, timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya South Africa, inakana kusewera masewero opimana mphamvu ndi Botswana kutatsala masabata ochepa kuti World Cup iyambe. Nkhani inali ya ndalama komanso bwalo limene iwo anati silinali loyenera. Bungwe la mpira kumeneko linapeza timu ina mosavuta, muli ndi mwana wa zaka 13, ndipo inathibulidwa 5-0. Mwanayo sindikumuloza chala, wolakwa ndi wamkulu amene anamuveka jezi. Mkangano unazizira pamene Motsepe Foundation inathirapo ndalama, ndipo Banyana inakachita bwino, mpaka kufika m'ndime ya matimu 16. Zabwino zimenezo. Koma mphatso ya munthu wachuma imathetsa vuto la sabata imeneyo. Chaka chamawa mumayambiranso kupempha.

Tibwerere ku ayezi. Mgwirizano wa 2017 uja unathandiza okhawo amene anali m'timu ya dziko. Ena onse ankadalira maligi awiri, onse odwala. Ya ku America, NWHL, inayamba mu 2015 ikulipira kuyambira $10,000 pa sizoni, koma mu Novembala 2016, sizoni ili pakati, inadula malipiro pafupifupi ndi theka. Ya ku Canada, CWHL, imene inayamba mu 2007, inatha zaka 10 isanalipire wosewera, ndipo itayamba inkapereka pakati pa $2,000 ndi $10,000. Pa 31 Malichi 2019, sabata imodzi chabe chiseweredwe fainolo yake, miyezi iwiri kuchokera pa kavidiyo ka San Jose kaja, CWHL inalengeza kuti ikutseka. Ndalama zatha, basi.

Nzeru zachidule zikanati aliyense athamangire ku ligi yotsalayo. Pa 2 Meyi 2019 osewera oposa 200, a ku America, a ku Canada ndi ena a ku Ulaya, analengeza limodzi kuti sasewera m'ligi ina iliyonse ku North America mpaka patakhala imodzi yokhazikika. M'chikalata chawo anatchula malipiro otsika mpaka $2,000 pa sizoni ndi kusowa kwa inshuwalansi ya chipatala, pa masewera amene munthu amaombana ndi mpanda ali paliwiro. Chimene chimandigwira mtima n'choti amayi a America ndi Canada pa ayezi ndi mphaka ndi khoswe, akhala akulandana golide kuyambira mpikisano woyamba wa dziko lonse mu 1990. Koma pa nkhani iyi Knight ndi Poulin anaima mbali imodzi. Anapanga bungwe lawo, PWHPA, ndipo Kendall anali mmodzi mwa atsogoleri ake. N'kuti iye atangotenga kumene chikho cha ligi yomwe ankaikanayo.

Ndi iyenso amene anakagogoda kwa mayi Billie Jean King, katswiri wakale wa tennis amene mu 1970 pamodzi ndi anzawo 8 anasaina makontrakiti a $1 kuti ayambitse mpikisano wa amayi paokha, n'kudzakhazikitsa bungwe la WTA mu 1973. Mayiwa ndi mnzawo Ilana Kloss anavomera kukhala alangizi. Kenako kudikira kunayamba. Osewera ankayendayenda m'mizinda kumapeto kwa sabata kusewera masewero achionetsero otchedwa Dream Gap Tour, opanda ligi yeniyeni. Covid inabwera n'kusokoneza zambiri. Anthu ankayembekezera kuti NHL ilowererapo ndi ligi yakeyake ya amayi, siinatero. Kendall anayamba kunyanyala ali ndi zaka 26, ligi yatsopano inadzayamba ali ndi 31. Kwa wosewera wodalira miyendo, zimenezo ndiye zaka zake zamafuta. Wa muofesi angadikire zaka zinayi n'kupeza mpando uli pomwepo, mawondo sadikira munthu.

Pano wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Kukana kusewera n'kosavuta ngati nsima ikubwerabe patebulo. Kendall anali ndi malipiro a timu ya dziko, amene anadzakhalanso kaputeni wake ku Olympics ya 2022 ku Beijing. Ankagwira ntchito pa kanema. Mu 2020 timu ya amuna ya Chicago Blackhawks inamulemba ntchito yosula osewera achinyamata. Mwamuna wake, Michael Schofield, ankasewera mpira wa ku America mu NFL ndipo anatengapo Super Bowl ndi Denver Broncos. Wosewera wamba amene masana ndi mphunzitsi kapena namwino analibe zonsezi, ndipo ambiri a iwo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, n'kukhalabe mu NWHL. Sanali ogulitsa anzawo. Ankakhulupirira kuti nyumba yodontha umaikonza uli momwemo.

Ndipo anaikonzadi ndithu. Ligi ija inasintha dzina mu 2021 kukhala PHF, inakula kufika pa matimu 7, malipiro anakwera, ndipo inalengeza kuti mu sizoni ya 2023-24 timu iliyonse izitha kuononga mpaka $1.5 miliyoni pa osewera. Daryl Watts anasaina ndi Toronto Six kontrakiti ya $150,000 pa sizoni imodzi, ndalama zimene mkazi anali asanalandirepo pa masewerawa. Sanazilawe. Kumapeto kwa Juni 2023 a Mark Walter, mpondamatiki amene ali ndi timu ya baseball ya Los Angeles Dodgers, amene ankakambirana ndi gulu la Kendall, anagula PHF n'kuitseka. Makontrakiti onse anafafanizidwa. Panali amayi amene anali atasiya ntchito, ena atasamuka kale, akudalira mapepala amene tsiku limodzi lokha anasanduka opanda pake. Ligi yatsopano inali ndi matimu 6 okha, malo ochepa, ndipo akatswiri onse amene ananyanyala aja anali akubwerera kudzawalimbirana. Ambiri a PHF hockey yawo inathera pomwepo. Walira mvula walira matope, koma apa amene anaponda matopewo sanali amene ankalira mvula. Aliyense wokamba nkhani ya Kendall ngati nthano yokoma yokhayokha akuwalakwira amayi amenewa.

Ngakhale zili choncho, ine ndili mbali ya onyanyala, ndipo chifukwa changa ndi kontrakiti ya Watts yomweyo. $150,000 inali yeniyeni papepala, koma inasungunuka usiku umodzi chifukwa kumbuyo kwake kunalibe mgwirizano wa osewera onse woiteteza. Aliyense anasaina payekha, ndipo eni ligi atagulitsa, aliyense analira payekha. Gulu la Kendall linakana kuponda pa ayezi mpaka malamulo a ntchito atalembedwa, kuvoteredwa ndi kusainidwa. Anayamba ndi pepala, zina zonse pambuyo. Ligi inalibe mayina a matimu, inalibe zizindikiro, ndipo sizoni yoyamba yonse majezi ankangolembedwa dzina la mzinda. Anthu anaseka majeziwo pa intaneti. Koma wovala jezi yosekedwayo ankadziwa kuti akathyoka mwendo adzalipira chipatala ndani.

Osewera anavomereza mgwirizanowo pa 2 Julayi 2023, tsiku lomwe lija Banyana inkanyanyala. Ndi wa zaka 8, mpaka pa 31 Julayi 2031. Poyambira, malipiro otsikitsitsa anali $35,000 pa sizoni, apakatikati pa timu $55,000, ndipo timu iliyonse inayenera kukhala ndi osewera osachepera 6 olandira $80,000 kapena kuposa. Mulinso ndalama ya nyumba, imene inayambira pa $1,500 pamwezi, inshuwalansi ya chipatala, ndalama ya penshoni, thandizo posamuka, tchuthi cha uchembere ndi chithandizo cha olera ana. Zinthu zosasangalatsa kuwerenga, palibe angazipange TikTok. Koma mawu oti professional tanthauzo lake ndi ndime zotopetsa zimenezi.

Ndime ya uchembere ija kwa Kendall sinali nkhani ya ena. Zokambirana zonse za mgwirizanowu anazichita ali woyembekezera, ndipo mwana wake wamwamuna anabadwa pa 1 Julayi 2023, tsiku limodzi voti isanachitike. Pa masewera a amayi, mimba yakhala ikutengedwa ngati kalata yotsanzika. Wosewera amabisa, amaopa kochi, amaopa sponsor, ena amangozimiririka osamvekanso. Iye patangotha miyezi 6 anali pa ayezi, atavala chizindikiro cha kaputeni wa Minnesota. Sindikunena kuti mayi aliyense azibwerera msanga choncho, thupi ndi la mwini wake. Ndikunena kuti anali ndi malo obwererako, olembedwa.

Ligi ya PWHL inayamba pa 1 Januwale 2024, New York itagonjetsa Toronto 4-0. Kwa zaka zambiri yankho la akuluakulu linali limodzi: anthu saonera hockey ya amayi, ndalama tizitenga kuti? Pa masewero oyamba a pakhomo a Minnesota panafika anthu 13,316. Mu Febuluwale ku Toronto, 19,285. Pa 20 Epulo ku Bell Centre mumzinda wa Montreal, 21,105, bwalo lodzaza. Sizoni yonse yoyamba inkaonetsedwa ulere pa YouTube, kotero ngakhale wa ku Ndirande kapena ku Area 25 wokhala ndi bundle komanso tulo tochepa akanatha kuonera. Anthuwo sanabadwe mu 2024. Analipo kale, kungoti panalibe amene anawaikira masewero pa bwalo labwino, pa nthawi yodziwika, pa kanema wooneka bwino, akatswiri onse ali malo amodzi.

Mapeto a sizoniyo anali ngati filimu. Minnesota inagonja masewero 5 otsiriza n'kulowa m'ndime yochotsana mwamwayi. Toronto, imene inali pamwamba, inapatsidwa ufulu wosankha mdani, inasankha Minnesota, inatsogola 2-0 pa mndandanda wa masewero 5, n'kugonja atatu otsatizana. Mufainolo ndi Boston, pa masewero achinayi, Minnesota inagoletsa m'nthawi yoonjezera, osewera anataya ndodo ndi magolovesi kusangalala kuti chikho chabwera, koma oyimbira atabwereza kanema anakana chigolicho. Anatola zinthu zawo pa ayezi, ndipo posakhalitsa Boston inagoletsa. Pa 29 Meyi 2024 Minnesota inakapambana 3-0 kwa eni ake, Kendall ndi amene anatseka ndi chigoli chachitatu, ndipo anali woyamba kunyamula Walter Cup. Mu 2025, timuyo itapatsidwa dzina loti Minnesota Frost, anachitenganso atagonjetsa Ottawa.

Nanga ife a kuno, komwe ayezi sangakhale panja ngakhale mu Juni, zikutikhudza pati? Temwa Chawinga atagoletsa zigoli 20 mu sizoni ya 2024 ndi Kansas City Current, tonse tinavina pa Facebook, ndipo anzathu a ku Zambia anavinira Barbra Banda wa Orlando Pride. Ligi imene awiriwa akusewera, NWSL, inapeza mgwirizano wake woyamba wa osewera mu 2022, malipiro otsikitsitsa $35,000, osewera atachita kulimbana, mpaka kuimitsa masewero mu Okutobala 2021 chifukwa cha nkhanza za makochi ena. Luso ndi la Temwa mwini, palibe angamulande. Koma chitetezo chimene anakachipeza kumeneko chinamenyedwa nkhondo ndi amayi ena iye asanafike. Tsono mtsikana wotsala kuno, wa mpira wamiyendo kapena wa netball, amene amasewera pa fumbi Loweruka lililonse, wasaina chiyani? Akavulala bondo amapita kwa ndani? Akatenga mimba malo ake amamusungira? Ife atolankhani timathamangira kujambula timu ikulandira envelopu kwa akuluakulu, tonse mano pamtunda, mafunso amenewa n'kutsala m'thumba. Ndipo wosewera mmodzi akadandaula za ma allowance, mawu oyamba kumveka m'makomenti ndi oti ndi wamwano, wayamba kudzimva, alipo ambiri ofuna malo akewo. Zoonadi alipo ambiri, ndipo kukana n'kovuta kwambiri pamene allowance yomweyo ndi ya lendi ndi fizi ya mng'ono wako. N'chifukwa chake mafoni aja a 2017, oimbira amene akanalowa m'malo, ndi amene ndikanakonda osewera athu awaphunzire kuposa kavidiyo ka masekondi 14.

Musaganize kuti ku PWHL zonse zili bwino. Musathamangire calculator kusintha $35,000 kukhala makwacha, chifukwa wolandirayo sakhala ku Zingwangwa, amalipira lendi ku Toronto, Boston kapena kufupi ndi New York, msonkho n'kudulaponso. Chaka chomwe PWHL inkayamba, wotsikitsitsa mu NHL ankalandira $775,000. Mgwirizano wa zaka 8 ndi chishango, koma ndi chingwenso: malipiro amakwera ndi 3 peresenti yokha pachaka, pomwe mabwalo akudzaza ndipo ligi inaonjezera kale matimu ku Seattle ndi Vancouver mu 2025. Ndalama zikachuluka msanga, amene anasaina mu 2023 adzakhala akuonera ena akudya. Chachikulu china, matimu onse anayamba ali m'manja mwa mwini mmodzi, kampani ya a Walter. Wosewera amene wasemphana ndi bwana ameneyu alibe khomo lina loti agogode ku North America, popeza ligi inayo anaigula n'kuitseka. Mphamvu yotere inaoneka msanga: patangopita masiku ochepa Minnesota itatenga chikho choyamba, ligi inachotsa Natalie Darwitz, mkulu amene anasonkhanitsa timu yopambanayo.

Pa 31 Julayi 2031, tsiku limene mgwirizanowu udzathe, Kendall Coyne Schofield adzakhala ndi zaka 39. Ambiri mwa amene adzakhale patebulo kukambirana wotsatira panopa ali kusekondale kapena kuyunivesite. Iwowa sanasewerepo sizoni ya $7,000, sanamvepo ligi ikutsekedwa sabata imodzi chichitikire fainolo, ndipo adzakhala ndi malipiro a pamwezi oti angataye akanyanyala, chinthu chimene a 2019 aja analibe.